Kauntala wa ma muon akufooka dzuwa likakwera

Mphunzitsi wa fizikisi, Area 25: Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Ndalumikiza kauntala wa ma muon kuti ana a Fomu 4 adzionere okha kuti tinthu timeneti, tochokera mumlengalenga, timatidutsa usana ndi usiku. Ndi timapulasitiki tiwiri ta scintillator, tothwanima muon ikadutsa, kena pamwamba pa kanzake, kalikonse ndi sensa yake ya kuwala yotchedwa SiPM, mtundu wa Hamamatsu S13360. Ndimawerenga pokhapo zonse ziwiri zikagunda limodzi. M'mawa zili bwinobwino. Ikamakwana 2 koloko nambala yatsika, madzulo n'kubwereranso. Sabata yonseyi ndi momwemo. Kodi sensa yapsa?

Tekinishani, Kanengo: Aphunzitsi, yambani mwaona kuwala. Kabowo kangati ka singano pa tepi yakuda n'kokwanira kukusokonezani. Fundikani bulangete masana muone.

Mphunzitsi: Ndinafundika dzulo, achimwene, mabulangete awiri. Nambala inatsikiratu.

Mayi wa ku labu ya zamagetsi: Pamenepo mwadziyankha nokha, bambo. Kuwala kukamalowa, phokoso limachuluka ndipo nambala imakwera, sitsika. Mabulangetewo anangowonjezera kutentha. Sensa yanu ndi yamoyo, ikungomva Okutobala ngati tonsefe.

Mkati mwa SiPM muli timaselo masauzande. Kalikonse kamapatsidwa magetsi opitirira pang'ono breakdown voltage, malire amene selo limayambira kugunda, kotero kuti photon imodzi yokha, kachidutswa ka kuwala, imagwetsa chigumula cha ma electron, kenako resistor yake n'kuzimitsa. Kukula kwa pulse, kugunda kwa magetsi kotuluka m'sensa, kumadalira kachidutswa kopitirirako basi, overvoltage. Tsono breakdown siikhala malo amodzi: pa mtundu wanuwo ndi pafupifupi 53 V pa madigiri 25, ndipo imakwera 54 mV pa digiri iliyonse. Mwaika bias yanji, magetsi amene mukupatsa sensa, nanga m'bokosimo mukutentha bwanji?

Mphunzitsi: Bias ndi 56 V, sindiigwira. Labu yathu ndi ya malata opanda siling'i. Ndaika thermometer m'bokosi lero: 22 m'mawa, 37 masana.

Mayi wa ku labu: Madigiri 15 kuchulukitsa ndi 54 mV, ndi 0.8 V. Pa overvoltage ya pafupifupi 3 V, mwataya gawo limodzi mwa magawo anayi. Ma pulse akufupika, ena sakufika pa threshold, mlingo umene kauntala amayambira kuwerenga. Ma muon akudutsabe, kauntala ndiye sakuwaona.

Wophunzira wa masitazi: Bwanji angotsitsa threshold, mayi?

Mayi wa ku labu: Ayi mwanawe. Kutentha komweko kumachulukitsa dark count, timaselo timagunda tokha mumdima. Akatsitsa kwambiri ayamba kuwerenga phokoso n'kumauza ana kuti ndi ma muon. Ndipo m'mawa kukazizira threshold ija idzakhalanso yolakwika.

Tekinishani: Chabwino, ndagonja pa za kuwala. Koma wina asatchule firiji, chonde. Ndinayesapo pa bolodi ina, potulutsa inachita thukuta, madzi mpaka pa mawaya. Ku CERN, labu yaikulu ya fizikisi ku Ulaya, amaziziritsa inde, gulu la CMS limagwiritsa ntchito zoziziritsira za magetsi za Peltier, la LHCb limatsitsa mpaka madigiri −40, koma m'mabokosi otsekedwa a mpweya wouma. Ife tigule thermistor, kachipangizo koyeza kutentha, timate pafupi ndi sensa, kakompyuta ka Arduino kazikweza bias 54 mV pa digiri. Ilipo power supply yodzikonzera yokha, C11204, koma ndi forex ya masiku ano muidikira mpaka mvula.

Mayi wa ku labu: Thermistor ikhale kumbuyo kwa sensa penipeni, osati pa chivundikiro cha bokosi. Ndipo musapitirire 56.8 V poyesa.

Mphunzitsi: Zikomo nonse. Podikira thermistor ndasamutsira bokosi ku stolo ya siling'i, pansi pa simenti. Lero 24 mpaka 27, nambala yangosuntha pang'ono. Ndinayesanso m'labu muja masana, kukweza bias ndi dzanja kufika 56.7, inabwerera mwakale ndikuona. Achimwene a ku Kanengo, thermistor ya 10k muli nayo? Ndidzera Loweruka ndi minibasi ya m'mawa.