Tigawe bwanji tchire la ku Chigwa cha Shire pa mapu?

Mlangizi wa ku Ngabu: Akuluakulu, komiti ya zachilengedwe ikufuna mapu a zomera za m'dera lathu, tidziwe posunga, podyetsera ng'ombe ndi polima. Tigawe magulu angati? Nanga zithunzi za setilaiti pazokha zikwanira?

Bambo a za nkhalango, Chikwawa: Yambirani pa nthaka ndi madzi, mtengo ubwere pambuyo. Pa makande olimba, osalowa madzi msanga, pamamera tsanya, nthawi zambiri yekhayekha, udzu wake wochepa. M'mbali mwa Shire ndi Mwanza, pa dothi lobwera ndi madzi, mupeza msangu, mtondo, bwemba ndi njale. Kuli ziyangoyango zothithikana ngati za ku Lengwe, kobisala nyama zotchedwa boo (nyala). Kuli thengo la mlambe ndi mitengo yaminga, madambo a migwalangwa, ndiye miyombo mukakwera mapiri a Matandwe. Gulu lililonse ikani mapuloti a mamita 20 mbali zonse, osachepera asanu, kutali ndi msewu. Yezani kunenepa kwa mtengo pa mamita 1.3 kuchokera pansi, muwerenge zitsa, mukumbe masentimita 30 muone dothi.

Mayi a mapu, Nchalo: Zithunzi pazokha zikusokeretsani, bambo. Za setilaiti ya Sentinel-2 ndi zaulere, kadontho kamodzi ka pa chithunzi ndi mamita 10 pansi, koma tengani za Epulo kapena Meyi. Mu Okutobala mitengo yambiri yayoyola masamba, tsanya ndi ziyangoyango zimaoneka chimodzimodzi. Msangu ndiye wosiyana: umayoyola nthawi ya dzinja, n'kuphuka chilimwe. Cholakwika chachikulu n'kulemba tsanya wamfupi ngati gulu lapadera. Kawirikawiri ndi mphukira za pa zitsa zimene owotcha makala anasiya. Lembani kuti tsanya wodulidwa, chifukwa akatetezedwa ku nkhwangwa, mbuzi ndi moto wa mochedwa, amabwerera osabzala mbande. Nimu musamuwerengere, ndi mlendo.

Bambo a ku Bangula: Dambo la Elephant Marsh, limene linalowa pa mndandanda wa Ramsar wa madambo ofunika pa dziko lonse mu 2017, musalipake mtundu umodzi. Gumbwa amafuna madzi osaphwa, bango amapirira pamene amaphwa, ndipo pamenepo ndi pomwe anthu amatsegula madimba. Namasupuni alembedwe payekha, si wakuno. Malire a damboli lembani ndi pensulo: madzi osefukira a 2015 ndi a namondwe wa Freddy mu 2023 anakwirira malo ambiri ndi mchenga. Asodzi ndi abusa a ng'ombe akuuzani pamene madzi amafika chaka ndi chaka, muyende nawo.