Mawu akuti "marshal" pa chimangirizo changa akutanthauza chiyani?

Mwana wa ku Ntcheu:
Akuluakulu, ndithandizeni. Aphunzitsi andibwezera chimangirizo changa cha Chingerezi atalemba m'mbali kuti "marshal your evidence". Mawu amenewa ine ndinawamvera kwa amalume anga amene amagwira ntchito pa renki ya mataxi ku Johannesburg. Iwo ndi a marshal: amaimika anthu pamzere, amaona kuti galimoto yadzaza, n'kuuza dalaivala kuti anyamuke. Nanga zimenezi zikukhudzana bwanji ndi zolemba zanga? Mnzanga wina akuti ndi kusanja basi. Koma mtima wanga ukukana, chifukwa mfundo zanga ndinazisanja kale, kuyambira yoyamba mpaka yachisanu.

Gogo wa ku Limbe:
Mwanangu, mtima wakowo sukunama. Ine ndakalambira kunjanji, ndipo malo amene tinkadulira ndi kulumikizira mabogi ankatchedwa marshalling yard. Kumeneko sitinkasanja kuti zioneke bwino ayi. Tinkayamba tafunsa kuti sitimayi ikupita kuti, nanga bogi iti itsala pa siteshoni iti. Bogi yotsala panjira ukaiika pakati pa zinzake, mawa lake anzako avutika kudula sitima yonse kuti aitulutse. Mbale ukazitsuka n'kuzisanja pathandala, palibe Mngelezi anganene kuti wachita marshal, chifukwa mbalezo sizili pa ulendo.

Mphunzitsi wa ku Dedza:
Agogo afotokoza bwino, ine ndingowonjezera za kumene mawuwa anachokera, poti ndi akale zedi. Angelezi anawatenga ku Chifalansa chakale, mareschal, ndipo Afalansawo anawatenga ku zinenero zakale za Chijeremani, m'mene marah anali hatchi ndipo scalc anali wantchito. Ndiye kuti marshal woyambirira anali munthu wosamalira mahatchi m'khola. Mpaka lero ku France munthu wokhomera zitsulo kumapazi a hatchi amatchedwa maréchal-ferrant.

Popeza nkhondo za masiku amenewo zinkadalira mahatchi, udindowu unakwera pang'onopang'ono mpaka kukhala wa mkulu wa asilikali. Ena mukukumbuka kuti Idi Amin wa ku Uganda anadzipatsa udindo wa Field Marshal mu 1975. Mneni wakuti marshal unadzatanthauzanso kufoletsa asilikali, aliyense pamalo pake, asanalowe m'nkhondo. Kenako anthu anayamba kuugwiritsa ntchito ponena za mabogi, ndege, ndalama, ngakhale maganizo. Bambo uja amene amaima kutsogolo kwa ndege pa Chileka akukupiza timitengo m'manja ndi marshaller.

Polemba usamale: ku Britain amalemba marshalled, ku America marshaled.

Mayi wa ku Chipata:
Koma aphunzitsi, Chichewa chake ndi chiti? Kuno ife tinganene kuti kundandalika. Ine kusanja ndikuona kuti kwachepa.

Mphunzitsi wa ku Dedza:
Kundandalika n'kuika zinthu pamzere, mayi, ndipo mwanayu wanena kuti anachita kale zimenezo. Kulongosola kwayandikirako. Koma chimene ine chimandifika pamtima ndi kuyala mfundo, monga amachitira ankhoswe pabwalo la amfumu. Ankhoswe odziwa ntchito yawo sanena zonse zimene akudziwa m'mene zinachitikira. Amadziwiratu chimene akufuna kuti amfumu agamule, ndiye amasankha mboni yoyamba kulankhula, mawu oti asunge mpaka winayo atayankha, ndi nkhani zoti zisatuluke n'komwe poti zingosokoneza mlandu.

Mwana wa ku Ntcheu:
Zikomo kwambiri nonse. Ndawerenganso chimangirizo chija ndipo ndaona kuti mfundo ndinazilemba m'mene ndinazipezera m'mabuku. Yachinayi ndiyo yasenza nkhani yonse, iyenera kubwera kutsogolo. Yachiwiri ndimaikonda, ndinaivutikira masiku atatu, koma sikuthandiza chimene ndikufuna kutsimikiza. Agogo, bogi imene sinali pa ulendo umenewo munkaitani?

Gogo wa ku Limbe:
Tinkaikankhira pa njanji ya pambali, mwanangu, n'kuimanga mabuleki. Inkadikira sitima yopita kwawo.