Thandizeni abale, thobwa langa likusasa msanga

Amayi ndi abambo muno mugulu ndithandizeni maganizo chonde. Ine ndimagulitsa thobwa pamsika kuno ku Salima, ndimaphika phala madzulo, likazizirako ndikuthira chimera cha mawere, m'mawa ndikuwiritsanso kenako ndikuthira m'mabotolo. Nthawi yozizira ija limatha masiku 2 lili bwinobwino koma chiyambire kutentha kwa Okutobala uno ikamakwana 2 koloko masana lasasa kale, botolo lafufuma ngati liphulika, ukangotsegula thovu kusefukira m'manja monse. Dzulo ndataya mabotolo 14, mtima unandiwawa kwambiri poti chimera nachonso chakwera mtengo.

Mwana wanga wa Fomu 3 akuti ndi tizilombo tosaoneka ndi maso, mabakiteriya ndi yisiti, timadya shuga wa m'thobwamo nkumatulutsa asidi ndi mpweya umene ukufufumitsa botolowo, ndipo kukatentha timaswana msangamsanga. Ndiye funso langa ndi ili, ngati kuwiritsa kumapha tizilomboti nanga tikuchokeranso kuti? Kapena ndi mabotolowa, paja ndimagula ogwira kale ntchito nkungotsuka ndi sopo ndi madzi a pamjigo? Kapena ndi chikho chomwe ndimatungira? Madzi owira ndimaopa kuthiramo chifukwa pulasitikiyo imakwinyika.

Filiji ndilibe. Inu amene mumapanga bizinesi imeneyi kumadera otentha mumatani kuti lifike madzulo? Kuika mabotolo mundowa ya madzi nkufunditsa chiguduli chonyowa kumathandizadi? Komanso losasa pang'onolo ana atamwa sangatsegule m'mimba? Makasitomala anga ambiri ndi ana a sukulu.