Ndithandizeni kupeza sewero lina lofatsa loti ndizionera ndi mayi

Abale anga, ndithandizeni maganizo. Mayi anabwera kuno ku Leeds kudzatithandiza kulera khanda, ndiye madzulo aliwonse timaonera limodzi As Time Goes By, sewero la BBC lomwe linayamba mu 1992 n'kutha mu 2005. Judi Dench ndi Geoffrey Palmer ndi amene amasewera ngati Jean ndi Lionel. Awiriwa ankakondana ali achinyamata, koma kalata ya Lionel yochokera kunkhondo ya ku Korea inasochera, aliyense n'kumaganiza kuti mnzake wamutaya. Anadzakumananso patapita zaka 38, kumutu imvi zili mbuu.

Mayi alikonda zedi, makamaka momwe Lionel amanyinyirika pamene mumtima akumufuna Jean. Amaseka mpaka misozi. Tsopano tatsala pang'ono kulimaliza.

Kodi mukudziwa sewero lina la ku Britain lachikondi chofatsa chonchi, lopanda kutukwana? Tinayesa Gavin & Stacey, koma nthabwala zina zinandichititsa manyazi pamaso pa kholo. Chingerezi chake chikhalenso chosathamanga kuti mayi azimva bwino. Ngakhale la pa DVD ndigula, ingondiuzani dzina.