Digili yanga si ya uphunzitsi koma ndikuphunzitsa, ndidzere kuti kuti ndipeze layisensi?

Membala wobisa dzina:
Moni nonse pagulu pano. A admin chonde mundibisire dzina, anzanga akuntchito ambiri ali momuno. Ndalemba zambiri mundipirire.

Ndine mayi wa mwana mmodzi, ndinamaliza digili ya Animal Science ku Bunda mu 2019. Ntchito ya zomwe ndinaphunzirazo ndinaisaka mpaka nsapato kuperepeseka, makalata ndinasiya m'maofesi ambirimbiri, kenako kunabwera Covid zonse zinangoti zii. Mu 2021 mnzanga anandiuza kuti pa sukulu ina ya pulaiveti akufuna munthu wa Agriculture ndi Biology, ndinapita ndi mtima woti ndingogwirizira temu imodzi ndikudikira zina. Mpaka lero ndili pompo, ndipo chomwe chachitika nchoti ntchitoyi ndaikonda. Tsiku lina ndinabweretsa nkhuku m'kalasi ya Fomu 3 tinaitumbula limodzi, ana akuona okha chithokomiro, nthutumba, matumbo mmene ayendera, ndiye mtsikana wina yemwe samayankhula nkomwe m'kalasi anayamba kufunsa mafunso osalekeza mpaka belu kulira. Ndinabwerera kunyumba ndikudziwa kuti kwina sindikufunanso.

Vuto ndi ili. A hedi atiitana atiuza kuti nkhani ya Teachers Council yavuta, mphunzitsi aliyense akuyenera kulembetsa nkukhala ndi layisensi, ndiye ife amene tilibe pepala la uphunzitsi tidzionere tokha njira. Sananene tsiku koma mayankhulidwe ake ndinawamva. Tulo sindikuliona.

Anthu akundiuza zosiyanasiyana. Ena akuti ndipange UCE, satifiketi ya uphunzitsi ya ku yunivesite. Alamu anga akuti ayi usatsike, munthu wa digili sungabwerere ku satifiketi, pita ukapange masitazi ya Education nthawi imodzi. Ena akuti ndikayambirenso ku Domasi kapena ku Nalikule. Ndalama zoti ndiyesere zonsezi ndilibe, malipiro a ku pulaiveti mukuwadziwa, lendi, fizi ya mwana, ndiye ndikalakwitsa kamodzi ndagwa nayo. Amene munadutsamo ndithandizeni, njira yeniyeni ndi iti? Ndipo zaka zomwe ndaphunzitsazi zimawerengedwa kapena ayi?

Mphunzitsi wa ku Mchinji:
Ndikutsatira nawo. Ine ya Economics, vuto lake lomweli.

Bambo wa mabizinesi:
Asisi mwaphunzira za ziweto inu, bwanji osangoyamba kuweta nkhuku kapena nkhumba? Uphunzitsi mulibe ndalama, aphunzitsi eni akewo akuthawamo inu mukulimbana nkulowamo.

Membala wobisa dzina:
Achimwene ndakumvani, nkhuku ndimaweta kale pang'ono kuseri kwa nyumba ndi zomwe zimandithandiza pa fizi ya mwana. Koma funso langa ndi la m'kalasi.

Hedi wa pa CDSS:
Mwanawe, ndiyankhe ngati kholo poti ndakhala m'ntchitoyi nthawi yaitali ndipo aphunzitsi onga iwe ndagwira nawo angapo. Choyamba alamu akowo akukufunira zabwino koma akusokoneza zinthu ziwiri. Masitazi ya Education nthawi zambiri imakhala ya kafukufuku, kayendetsedwe ka sukulu, mapolise, za silabasi, anthu ake amakhala oti ndi aphunzitsi kale. Simuphunzitsa munthu kuima kutsogolo kwa ana. Chomwe chimapangitsa munthu kutchedwa mphunzitsi wophunzitsidwa ndi zinthu zitatu, phunziro lomwe ukaphunzitse ukhale unalizama ku koleji, uphunzire kaphunzitsidwe kake, kenako upange teaching practice akuyang'anire akupatse malikisi. Iwe choyambacho uli nacho. Ziwiri zinazo ndi zomwe UCE imapereka, dzina lake lonse University Certificate of Education, inakonzedwera anthu ngati iweyo amene ali ndi digili ya zina. Usaone mawu oti satifiketiwo nkumati ukutsika, digili yako sakulanda, iyi imangokhala pamwamba pake.

Zoyambiranso ku Domasi kapena ku Nalikule ine sindingakulimbikitse. Ndi makoleji abwino, aphunzitsi anga ambiri anachokera kumeneko, koma ukakhala zaka ukubwereza Biology yemwe unamuphunzira kale ku Bunda, pomwe chomwe ukusowa ndi mbali ya kaphunzitsidwe basi.

Za Teachers Council, bungweli linakhazikitsidwa ndi lamulo la maphunziro la 2013, ntchito yake nkulembetsa aphunzitsi nkuwapatsa chilolezo, a boma ndi a pulaiveti omwe. Ndiye a hedi akowo sakunama. Koma usangomvera za m'sitafu rumu, pita wekha ku ofesi yawo ndi mapepala ako ukafunse kuti munthu wa digili ngati yako amene akuphunzitsa kale amulandira bwanji, ndipo pepala la koleji yomwe ukufuna kupitayo amalivomera kapena ayi. Ufunse usanalipire tambala.

Membala wobisa dzina:
Zikomo kwambiri bambo, mwandimasula. Alamu angawo anachita kundiuza kuti ndikapanga UCE anthu adzandiseka.

Madamu wa Chemistry:
Achemwali palibe adzakusekeni, ine ndinadzera momwemo. Digili yanga inali ya sayansi wamba, Chemistry ndi masamu, ndinaphunzitsa ku pulaiveti zaka zitatu ndisanapite kukapanga UCE. Ndikuuzeni zoona, ndinapita ndi mtima woti ndikungokatenga pepala, kuphunzitsa ndikudziwa kale, ana anga amakhoza MSCE. Nditafika ndinazindikira kuti zaka zonsezo ndimaphunzitsa ana khumi a kutsogolo, ena onse akumbuyo ndimangowalembetsa manotsi. Lesoni pulani ndimalemba yoti a hedi asayine basi. Mayeso ndimangotola mafunso a MANEB akale osadziwa kuti funso lililonse likuyeza chani, lina longofuna kukumbukira lina lofuna kuganiza. Mwana wosamva bwino kapena wosaona bwino pa bolodi sindimadziwa nkomwe kuti ndimuthandize bwanji, ndimangoti ndi wofooka. Tsiku lomwe anabwera kudzandiona pa teaching practice (TP), mkulu uja anakhala kumbuyo mphindi 40 zonse osayankhula, titatuluka anangondionetsa pepala pomwe amachonga mwana aliyense amene ndamufunsa funso. Onse anali a mizere iwiri yoyamba, atsikana awiri okha. Zinandipweteka koma zinandisintha mpaka lero.

Ndiye pitani ndi mtima wofuna kuphunzira. Inu muli ndi mwayi poti kalasi muli nayo kale, zomwe mwamva kumeneko mawa lake mukuziyesa pa ana enieni.

Chinthu china chofunika kwambiri, katengeni transcript yanu muiwerenge bwinobwino. Samangoona dzina la digili ayi, amaona makosi omwe munapanga ngati akukwana kukhala phunziro la ku sekondale. Agriculture kwa inu sindikukayika. Biology ndi pomwe muonetsetse, chifukwa Animal Science imalemera mbali ya nyama, za zomera mwina munangodutsamo chaka choyamba. Mnzanga wina anamuuza kuti phunziro lachiwiri silikukwana atalipira kale ndalama ya fomu.

Membala wobisa dzina:
Madamu apa mwandikhudza, za mizere iwiri yoyambazo ndi ineyo ndendende. Transcript ndili nayo, chaka choyamba tinapanga Biology ndi Chemistry, kenako Genetics, Microbiology, Physiology ya nyama, Nutrition. Za zomera ndi zochepa ndithu, kupatula za msipu. Mukuona ngati zingakwane? Ndipo TP munapangira pa sukulu yanu yomweyo kapena anakutumizani kwina? Chifukwa ndikachoka temu yonse malo anga aika wina, ku pulaiveti sadikira munthu.

Madamu wa Chemistry:
Genetics ndi Microbiology ndi Biology yemweyo, musadziderere. Koma woweruza ndi a dipatimenti, atengereni pepalalo alione ndi maso. TP ine anandilola kupangira pomwe ndimagwira ntchito poti inali sukulu yolembetsedwa ku unduna ndipo inali ndi makalasi onse mpaka Fomu 4. Mukafunse zimenezo poyambirira penipeni, ndipo a hedi anu muwauze msanga akulembereni kalata, iwonso zikuwakomera kuti mukhale ndi pepala.

Mphunzitsi wa ku Mchinji:
Nanga ife a Economics titani abale, ku sekondale kulibe phunziro limenelo.

Hedi wa pa CDSS:
Aphunzitsi a ku Mchinji, onani ngati munapanga masamu okwanira, apo ayi Business Studies kapena Social Studies. Nkhani yake ndi ya transcript yomweyo.

Mnyamata wa ku Zomba:
Osangopita ku TTC bwanji, zaka ziwiri basi mwatuluka.

Madamu wa Chemistry:
Ayi achimwene, TTC ndi ya aphunzitsi a ku pulayimale. Awa akuphunzitsa Fomu 3.

Mayi wa ku Joni:
Ndiponyepo zakuno mwina wina zimuthandiza. Kuno ku South Africa njira yomweyi amaitcha PGCE, chaka chimodzi ukamaphunzira osagwira ntchito, ukatero umalembetsa ku SACE ndi pomwe umaloledwa kuphunzitsa. Digili ya kumudzi imayamba yadutsa ku SAQA kuti aiyeze. Nawonso amayang'ana makosi a m'digili yako ngati akukwana phunziro lomwe ukufuna, ndiye zomwe akunena madamuwo nzoona kulikonse. Koma ngati moyo wanu uli ku Malawi pangirani konko, kuno fizi ya mlendo ndi pepala lokhalira zikudyerani ndalama zambiri.

Bambo wa ku Mzuzu:
Chenjezo langa ndi limodzi. Pano makoleji achuluka ndipo nkhani ya layisensiyi ikangotentha ena ayamba kulengeza makosi a changu, miyezi ingapo pa foni basi mwamaliza. Onani kaye ngati kolejiyo komanso kosi yakeyo zili pa mndandanda wa NCHE, bungwe lovomereza makoleji ndi makosi awo, chifukwa koleji itha kukhala yovomerezeka koma kosi ina mkatimo ayi. Ine mphwanga anataya chaka ndi ndalama za fodya wa bambo ake pa pepala lomwe pofunsira ntchito analikana. Kosi ya uphunzitsi yopanda munthu wobwera kudzakuonani mukuphunzitsa ine sindingaikhulupirire. Yambani mwafunsa ku Chanco ndi ku Mzuni, ndi kumene ine ndikudziwa kuti anthu apangirako UCE, muone ngati akutenga chaka chino.

Membala wobisa dzina:
Zikomo bambo. Nanga funso langa lija la zaka zomwe ndaphunzitsa kale, palibe wandiyankha. Ndipo ndikadzafuna kulowa m'boma zimathandiza?

Hedi wa pa CDSS:
Zaka zimenezo sizilowa m'malo mwa pepala mwanawe, olo zikhale khumi. Koma sizinapite pachabe, pa intavyu munthu amene wagwirapo choko amaoneka msanga. Sunga makalata ako onse, yolembedwa ntchito, masikimu osayinidwa, zotsatira za ana ako pa MSCE. M'boma olemba aphunzitsi ndi a Teaching Service Commission, ndipo akalengeza malo amayang'ana pepala la uphunzitsi, ndiye ndi digili yokhayo umatha kugwa pa sefa yoyamba asanakuone nkhope. Aphunzitsi a sayansi m'ma CDSS akusowa zedi, pa sukulu panga Biology wa makalasi onse anayi ali pa munthu mmodzi, Agriculture akugwirizira wa Geography. Ungokonzeka kuti akakutenga akhoza kukuponya kumudzi kwenikweni, kopanda magetsi, labu yake ndi katoni imodzi ya zipangizo. Za banja ukambirane ndi amuna ako pano pomwe.

Membala wobisa dzina:
Kumudzi sindikuopa bambo, ndinakulira konko ndipo ndinaphunzira pa CDSS inenso, Agriculture anatiphunzitsa ndi munthu amene sanagwirepo jekeseni ya ng'ombe. Amuna anga ndikambirana nawo usiku uno, za alamu ndiziona bwino mmene ndingawauzire mwaulemu. Lolemba ndipempha chilolezo kuntchito ndipite ku Teachers Council ndi transcript, ndikachoka kumeneko ndiimbe ku makoleji awiri aja. Madamu wa Chemistry ngati simudandaula ndikulemberani ku inbox, ndikufuna mundiuze mmene munkagawira nthawi ya sukulu, ntchito ndi mwana, chifukwa wanga ali ndi zaka zitatu ndipo wondisungira ndilibe.

Madamu wa Chemistry:
Lembani achemwali, ndikuyankhani ndikaweruka. Manotsi anga ndikadali nawo, ndikupatsani.

Mphunzitsi wa ku Mchinji:
Asisi mukabwerako Lolembalo mudzatiuze pompano zomwe akakuyankheni, tilipo ambiri tikudikira.