Msana ndi mapewa zikuwasautsa anyamata anga apamatabwa

Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Ndili ndi kamalo kocheka ndi kupala matabwa kuno ku Lilongwe. Lole ikafika ndi paini wa ku Chikangawa, anyamata amatsitsa pamapewa, ndipo thabwa laliwisi kulemera kwake mukukudziwa. Kenako tsiku lonse amakhala chowerama pamakina opalira, kukankha thabwa, kulandira, kuponya pamulu. Pofika madzulo wina wagwira m'chiuno, wina akudandaula phewa. Wamkulu wathu amene amagwira macheka akuti zala zimachita dzanzi usiku mpaka kulephera kumanga mabatani a malaya, ndiye zimenezi n'zimene zandiopsa.

Ndamva kuti m'mafakitale ena antchito amayamba adziwongola kaye asanagwire ntchito. Kodi zimathandizadi, kapena n'kungotaya nthawi? Ngati zimathandiza, tiziwongola ziwalo ziti, kwa mphindi zingati, m'mawa mokha kapena ndi pakati pantchito pomwe?

Ine ndikukayikiranso benchi yathu, yafupika kwambiri moti wamtali amachita kupindika. Amene munakwezapo yanu, inasintha kanthu? Ngati muno muli amafizo, tiuzeni ngati za dzanzizi n'zofunika kuthamangira nazo kuchipatala. Panado uja atopa naye.