Penshoni ya boma ku Britain: kutenga pompano kapena kudikira?

Nachisale, Leeds: Anamwino anzanga, ndigawireni nzeru. Kalata ya DWP, dipatimenti ya boma yoona za penshoni, yafika, akuti pakatha miyezi inayi ndikhoza kuyamba kulandira State Pension. Koma ine ndikufuna kugwirabe mu wodi zaka ziwiri, nyumba ya ku Zomba ikadali yopanda denga, kenako ndizipita kumudzi. Nditenge pompano kapena ndiyisiye izikula?

Achimwene a ku theatre: Isiyeni mayi. Mukapanda kuyankha kalatayo, imangodikira yokha. Masabata 9 alionse amawonjezerapo 1 peresenti, pa chaka ndi pafupifupi 5.8. Ndi banki iti ingakupatseni zimenezo?

Nabanda, Luton: Achimwene, musawatengere kuphompho amayiwa. Chaka chimene simunalandirecho ndalama yake yapita. Kuti kowonjezerako kabweze zomwe munasiya pamafunika zaka pafupifupi 17. Werengerani nokha, munthu wayamba kulandira ali ndi zaka 68, phindu adzaliona ali ndi zingati? Ife tomwe misana inathera kunyamula odwala?

Achimwene a ku theatre: Zoona, koma msonkho bwanji? Penshoniyi amaiphatikiza ndi malipiro. Ndalama yosadulidwa msonkho ndi mapaundi 12,570 okha pa chaka, ndipo malipiro anadya kale imeneyo. Ndiye akatenga akugwirabe ntchito, 20 peresenti ya penshoniyo ipita, mwinanso 40 ngati ma bank shift, mashifiti owonjezera aja, achuluka.

Sisita Nangondo: Nonse mwadumpha mawu amodzi: kumudzi. Malawi sali pa mndandanda wa mayiko amene Britain imakwezera penshoni chaka ndi chaka. Tsiku lomwe mwasamuka, ndalama imasiya kukwera, imakhala yomweyo nthawi yonse imene muli kumeneko. Otsala kuno aziwonjezeredwa mwezi wa Epulo uliwonse, inu ayi. Ndiye amene akuti dikirani akuwerengera ngati mudzakalambira ku Leeds. Kwa ine, tengani pompano, msonkho adule, yotsalayo igule malata mukadali ndi mphamvu zokangana ndi amisiri.

Chinanso, musawerengere mapaundi 230.25 pa sabata omwe analengeza a 2025/26 aja. Imeneyo ndi yathunthu, ya zaka 35 za National Insurance, ndalama imene boma limadula pa malipiro ija. Ambirife tinafika kuno titagwira kale ku Queens kapena ku Kamuzu Central, zaka zathu n'zochepa. Komanso tisanafike 2016 ife a NHS, a zipatala za boma, tinali contracted out, kutanthauza kuti tinkadulidwa National Insurance yocheperako chifukwa cha penshoni ya ku ntchito, masamu ake amasokonekera pamenepo. Lowani pa gov.uk muone forecast yanu, yosonyeza ndalama zomwe mudzalandire.

Nachisale, Leeds: Ine ndinabwera 2004. Ndimaganiza kuti zaka ziwiri zomwe ndigwirezi ziwonjezera pa zaka zanga.

Nabanda, Luton: Ayi amayi. Mukafika msinkhu wa penshoni mumasiya kudulidwa National Insurance, ndipo kuwerenga zaka kumathera pomwepo. Ubwino wake payslip imanenepako. Ngati pali zaka zoperewera, amalola kulipira za m'mbuyo zisanu ndi chimodzi, koma muwaimbire kaye a DWP, si chaka chilichonse chimene chimakweza ndalama.

Sisita Nangondo: Penshoni ya ku ntchito ya NHS ndi nkhani ina, imeneyo imakwera ngakhale muli ku Zomba. Musaziphatikize.

Nachisale, Leeds: Ndamva. Ndiona forecast ndikaweruka, Lolemba ndiwaimbira za zaka zoperewerazo. Ngati palibe chodabwitsa nditenga. Nabanda, nambala yoimbira ija munditumizire kumbali.